Phazi la a Nthenga

Dzina lakuti Nthenga sanabadwe nalo. Linachokera pabwalo la kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, kumene anagwira ntchito yoyendetsa mabwana kuyambira ndevu zisanakhwime mpaka imvi zitafika m'nsidze. Madalaivala anzawo ankati munthu ameneyu akaponda buleki, phazi lake limatera ngati nthenga yogwa pamchenga, moti bwana wokhala kumbuyo amatha kumwa tiyi wodzaza kapu osadonthezera tayi. Poyamba chinali chipongwe cha pa nthawi yopuma, kenako chinakhazikika, ndipo pofika chaka chimene anapuma pantchito, ngakhale akazi awo ankawaitana dzina lomwelo akafuna kuwaputa.

Eni akewo sankaona choseketsa. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti dalaivala amayendetsa ndi maso, phazi limangotsatira. Ukaona patali kuti maloboti afiira, umachotsa phazi pamoto nthawi ikadalipo, n'kutsitsa magiya limodzilimodzi, galimoto n'kufika pamzere itatopa yokha. Buleki, ankatero iwo, anaiikira mwana wothamangira mpira mumsewu, ndiponso dalaivala amene maganizo ake ali kwa chibwenzi.

Pakampanipo panali makaniko wa msinkhu wawo, wamfupi, wapakamwa posatseka, amene onse ankamutcha a Sipanala. Iwowa akamasula mapadi a mabuleki m'galimoto ya a Nthenga, ankazungulira nawo bwalo lonse kuonetsa madalaivala achinyamata. “Taonani, inu odya zitsulo inu! Awa ndinawaika muli kusukulu, koma akadali ngati atuluka m'katoni dzulo.” A Nthenga ankangopukuta galasi la galimoto ngati sakumva, koma mawu amenewo ndiwo anali mendulo yawo. Ina kampani sinawapatse.

Atapuma pantchito anayembekezera masiku ofatsa. Sizinatero. M'mawa wina akazi awo, amene moyo wawo wonse anali telala, anagwa pafupi ndi makina awo osokera, ndipo pochokera kuchipatala mbali yonse ya kumanja inali itafa. Mayiwo sanali munthu wogonja msanga. Anaphunzitsa dzanja lamanzere ntchito zimene silinkazidziwa: kugwira supuni, kumanga mabatani, kupesa tsitsi, ngakhale kulowetsa ulusi pasingano yobayidwa pa pilo. Lilime linalemera pang'ono, koma silinabunthe. Madokotala anati azipita kuchipatala pafupipafupi kukawongola ziwalo, ndipo ulendo umenewo unakhala ntchito yatsopano ya a Nthenga. Nyumba yawo inali pamwamba pa chitunda. Chipatala chinali kumunsi kwa msewu womwewo, pamene mtsetse wautali umathera pa geti la zipilala ziwiri zakonkire.

Galimoto yawo yakale itafika poti kuikonza n'kutaya nthawi, mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake anabwera ndi galimoto yamagetsi, yotuwa, yogwirapo ntchito pang'ono. Anabweranso ndi maganizo. Mkamwiniyo, munthu waulemu koma wokonda zinthu zolongosoka, anafuna kuti alembe dalaivala.

“Bambo, si kuti tikukudererani,” anatero atakhala pathebulo. “Koma zaka zapita, ndipo magalimoto awa ndi ena. Mukanangokhala kumbuyo ndi amayi, wina n'kumavutika ndi msewu.”

“Kumbuyo?” anafunsa a Nthenga. “Moyo wanga wonse ndakhala ndikuona anthu okhala kumbuyo pagalasi. Sindinasirirepo mmodzi.”

“Alekeni,” anatero mayiwo pang'onopang'ono. “Mukawalanda chiwongolero adzayamba kuyendetsa ine. Ndipo ine magiya anatha.”

Onse anaseka, koma mwana wamkaziyo anaona kuti manja a bambo ake agwira m'mphepete mwa thebulo. Iye ndiye anamanga mfundo. Makiyi akhala ndi bambo. Kusamalira galimoto, matayala, sevisi ndi zina zotero, zikhala za bambo, popeza iwo eni anakana kuti ana aziwalipirira chilichonse. Koma tsiku limene galimotoyo idzagunde chinthu, ngakhale chidebe cha zinyalala, makiyi adzabwerera popanda mlandu.

“Ndavomera,” anatero a Nthenga. “Mudzawadikira mpaka mudzakalambe.”

M'mawa woyamba anadzuka monga mwa chizolowezi, atatenga kansanza m'manja, n'kutsegula boneti. Anaima nthawi yaitali. Munalibe kachitsulo koyezera oyilo, munalibe malamba oti awagwedeze, munalibe fungo. Atailiza, sinalire. Anakhala pampando akudzimva ngati mlendo wofika pakhomo pamene palibe womulonjera. Zonse zimene ankadziwa pomvetsera injini zinalibe poti zigwire.

Koma pa ulendo woyamba wotsika chitunda anapeza chinthu chimene chinawasangalatsa kuposa mphatso ina iliyonse. Atangochotsa phazi pamoto, galimoto inayamba kudzigwira yokha, mofatsa, ngati pali dzanja limene likuikoka kumbuyo. Mkamwini anawafotokozera kuti pa nthawi yoteroyo mota imatembenuka n'kumabweza magetsi m'batire, ndipo kubwezako ndiko kumachepetsa liwiro. A Nthenga anamvetsa mbali imene inawakhudza: anali atapeza galimoto yopangidwira phazi lawo. Pasanathe mwezi anali atadziwa malo enieni ochotsera phazi kuti akaime ndendende pageti la chipatala osakhudza buleki. Mlonda wa pagetipo anazolowera kuwaona akufika mwakachetechete ngati mtambo, ndipo ankawachitira sawatcha mwanthabwala.

Masiku amenewo anali abwino. M'mawa uliwonse ankatsuka galimoto, makamaka mawilo, kuwathira madzi ambiri mpaka aziwala, kenako n'kuisiya pamthunzi kuti iume. Ankathandiza akazi awo kukhala pampando wakutsogolo, kuwamanga lamba, kuika ndodo yawo kumbuyo. Panjira mayiwo ankawerenga zikwangwani mokweza pofuna kulimbitsa lilime, ndipo bambowo ankawakonza dala pamene sanalakwitse, kuti akangane pang'ono.

Chinthu choyamba kuwadabwitsa chinali matayala. Galimoto yamagetsi ndi yolemera chifukwa cha batire, ndipo matayala akutsogolo anatha msanga kuposa mmene ankayembekezera. Ogulitsa anati pamafunika a mtundu wake, olimba m'mbali, ndipo mtengo wake unadya penshoni ya mwezi umenewo n'kulumako ya mwezi wotsatira. Anagula osadandaula kwa munthu. Tayala lotha analiona ndi maso awo, ndipo chimene maso aona sichifuna mtsutso.

Kenako pagalasi la kutsogolo kwa chiwongolero panayamba kuoneka uthenga wakuti nthawi ya sevisi yakwana. Anapita kwa ogulitsa magalimotowo atavala jekete, n'kufunsa mtsikana wa pakauntala kuti sevisi ya galimoto yopanda injini imakhala yotani.

“Timamasula mabuleki, kuwatsuka ndi kupaka girizi moyenera,” anatero mtsikanayo. “Timayeza mafuta a mabuleki, ngati alowa chinyezi timasintha. Timaona madzi oziziritsa batire, timasintha sefa ya mpweya wa m'kati, kenako timailumikiza ku kompyuta.”

“Oyilo?”

“Mulibe, bambo.”

“Mapulagi?”

“Mulibenso.”

“Ndiye mukundilipiritsa kuti muiyang'ane?”

Mtsikanayo anamwetulira, n'kunena kuti mtengowo ndi wochepa poyerekeza ndi sevisi ya galimoto yamafuta, ndipo zimenezo zinali zoona. Anawonjezera kuti galimoto ikadumpha sevisi, kampani siikhalanso ndi udindo pa zimene zingawonongeke. A Nthenga anathokoza mwaulemu n'kutuluka. Mtengo umene anamva unali wofanana ndi wa mankhwala a akazi awo a mwezi wathunthu. Atafika kunyumba anagwada pafupi ndi wilo, n'kusuzumira ndi tochi. Mapadi anali onenepa ngati atsopano. Pa chimbale chachitsulo chimene mapadiwo amagwira panali kufiira kwa dzimbiri, koma chitsulo chilichonse chimafiira chikanyowa. Sefa ya mpweya anaichotsa okha, kuikung'untha pakhoma n'kuibwezera. Uthenga wa pagalasi anaphunzira kuuzimitsa.

Mwana wawo akaimba foni n'kufunsa kuti, “Bambo, galimoto munapita nayo ku sevisi?” iwo ankayankha kuti, “Yaonedwa, mwanangu, ili bwinobwino.” Mumtima mwawo silinali bodza. Inali itaonedwa ndi munthu amene anasamala magalimoto mwanayo asanabadwe.

A Sipanala nawonso anali atapuma pakampani, ndipo anatsegula galaja yawo kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. A Nthenga ankapatukirako nthawi zina podikira kuti akazi awo amalize kuchipatala. Galajayo inali itayamba kuzizira. Migolo ya oyilo imene kale inkatha pa sabata tsopano inkakhala mpaka kuchita fumbi, ndipo mwini wakeyo, atakalamba kale, anakakamizika kukaphunzira za magalimoto amagetsi pamodzi ndi ana obadwa dzulo.

“Mwabwera ndi firiji yanu ija?” anatero a Sipanala tsiku lina, akupukuta manja. “Inu ndi amene mwatiphera ntchito.”

“Ntchito munaipha nokha ndi mitengo yanu.”

A Sipanala anazungulira galimotoyo, n'kuwerama pa wilo lakumbuyo, n'kulowetsa chala. Nkhope yawo inasintha pang'ono.

“Achimwene, mabuleki awa munawaponda liti komaliza? Ndikunena kuponda kwenikweni, osati kuwasisita kwanu kuja.”

“Ndiwapondere chiyani? Galimoto imaima yokha.”

“Ndiye vuto lake limenelo. Magalimoto awa akundibweretsera matenda achilendo. Kale mabuleki ankafa ndi ntchito, lero akufa ndi ulesi. Akakhala osagwira, dzimbiri limalowa, timapini timauma, mapadi amakakamira malo amodzi. Bwerani nayo Loweruka ndiimasule. Simulipira zambiri, mungogula girizi ndi mafuta ake.”

A Nthenga anaseka. “Si inu nomwe munkazungulira bwalo ndi mapadi anga, kuonetsa anyamata?”

“Ndine ndemwe. Koma ija inali galimoto ina, ndipo ngakhale inu munkaponda ndithu pofika pamzere. Iyi ikukulolani kusaponda n'komwe. Yakupezerani pofooka.”

“Mwasowa makasitomala, akulu. Nenani zoona, ndikugulireni tiyi.”

A Sipanala anakweza mapewa. “Chabwino. Safunsa anadya phula. Koma inu ndiye mwauzidwa osafunsa.”

Loweruka limenelo linadutsa, ndi ena ambiri pambuyo pake. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso. Galimoto inkayenda bwino, ndipo ubwino umenewo unkawatsimikizira tsiku ndi tsiku kuti analondola.

Tsiku lina kunalengezedwa kuti magetsi azima kwa masiku angapo m'dera lawo chifukwa cha ntchito yokonza mawaya. Mkamwini anali ataitchera galimotoyo kuti batire lisamadzaze mpaka pakamwa, ati limakhalitsa likamasiyidwa ndi mpata. A Nthenga, poopa kusowa choyendera, anasintha zimenezo n'kulidzaza lonse. Anaona kuti achita zanzeru, ndipo munthu wina aliyense akanaona chimodzimodzi. Chimene sankadziwa n'chakuti batire likadzaza, magetsi obwerera amasowa kolowa, ndipo dzanja lija lokoka galimoto kumbuyo limaleka.

M'mawa mwake kunali kowala bwino. Anamanga akazi awo lamba, anaika ndodo kumbuyo, n'kuyamba kutsika. Pagalasi panaoneka timawu tina, koma iwo anali atazolowera kusawerenga mauthenga a galimotoyo. Atafika pa sitolo ya utoto pamene ankachotsera phazi masiku onse, anachotsa. Galimoto inapitirira ngati sinamve. Anadikira kamphindi, poganiza kuti igwira. Sinagwire. Geti linali kukula, ndipo patsogolo pake panaima galimoto ina imene mlonda ankailembera.

Anasuntha phazi n'kuliika pa buleki mmene analiikira moyo wawo wonse, mofewa. Palibe chinachitika. Anawonjezera pang'ono. Pansi panamveka kukhuluza konyansa, ngati munthu akukoka chitseko chachitsulo pasimenti. Pamene anaponda ndi mphamvu, nthawi inali itatha. Mbali imodzi inagwira, inayo inakana, ndipo galimoto inakhotera kumanzere n'kukagunda chipilala cha geti.

Liwiro silinali lalikulu. Mlonda anati ngakhale njinga imathamanga kuposa pamenepo. Koma mayiwo, poona chipilala chikubwera, anachita zimene munthu aliyense amachita: anatambasula dzanja kuti adzitchinjirize. Anali ndi dzanja limodzi loti atambasule. Linathyoka pamfundo.

Anawanyamula pa chikuku kuchokera pagetipo, mtunda wosakwana kuponya mwala. A Nthenga anatsatira pambuyo atanyamula ndodo imene panalibe woigwira.

Masiku otsatira nyumba inakhala chete. Dzanja lamanzere linali m'chikhakha, lamanja linali pamiyendo monga mwa masiku onse. Zonse zimene mayiwo anaziphunzira movutikira zinabwerera m'manja mwa ena. A Nthenga ankawamwetsa supu ndi supuni, kuwapukuta pakamwa, kuwamanga mabatani. Ankachita zonsezi mosamala kwambiri, osalankhula.

“Mwakhala chete ngati galimoto yanu,” anatero mayiwo tsiku lina.

“Ndilankhule chiyani, amayi?”

“Chilichonse. Dzanja limodzi linandithawa lokha, linalo mwalibwereka ndinu. Musanditengerenso wocheza naye.”

A Nthenga anafuna kuseka kuti awasangalatse, koma supuni inapendekeka, supu n'kudonthera pa chikhakha.

Galimoto anaikokera kwa a Sipanala, chifukwa ogulitsa aja ananena mwaulemu zimene mtsikana wa pakauntala ananena kale. Tsiku loiona, a Nthenga anapita ndi mwana wawo ndi mkamwini. Galimoto inali pamwamba, mawilo atachotsedwa. A Sipanala sanazungulire ndi chilichonse ulendo uno. Anangoyala zitsulozo pa benchi. Mapadi anali onenepa ndithu, koma ena anali atafufuma ndi dzimbiri mpaka kusiyana ndi chitsulo chake. Zimbale zinali zokumbikakumbika. Timapini tina anachita kutitulutsa ndi nyundo. Mafuta a mabuleki, amene amayenera kukhala oyera, anali ngati tiyi wogona.

“Zonsezi n'zosintha,” anatero a Sipanala. “Zina n'zoitanitsa kunja. Kuphatikiza bampala ndi nyali, ndalama yake ikanalipira sevisi mpaka galimotoyi itakalamba.” Anayang'ana mnzawoyo, n'kutsitsa mawu. “Ndipo madzi a m'mawa uliwonse aja, achimwene, ankathirira dzimbiri ngati ndiwo zamasamba.”

A Nthenga anayembekezera kuti mkamwini anena kuti ananeneratu. Zikanawapepukira. Koma iye anangoti, “Za batire lodzaza ngakhale ine sindinkazidziwa, bambo. Ndikanakuuzani.” Analipira zonse osatchula pangano la pathebulo lija. Mwana wamkazi nayenso sanalitchule. Makiyi anakhalabe m'thumba la jekete la bambo ake, ndipo kulemera kwake ankakumva pa sitepe iliyonse.

Galimoto itatha kukonzedwa, mwanayo anafunsa a Sipanala pamaso pa bambo ake, mosabisa.

“Amalume, ndiuzeni zoona. Angayendetsenso?”

“Maso ali nawo, manja ali nawo, msewu amaudziwa kuposa tonsefe,” anayankha a Sipanala. “Chofunika n'chimodzi. Galimoto iyi imafuna kuti nthawi ndi nthawi munthu apeze msewu wopanda anthu, athamangeko pang'ono, aponde buleki mwamphamvu kuti dzimbiri lichoke. Ndipo ikaleka kudzigwira, phazi lifike pansi nthawi yomweyo, osayamba n'kupempha. Akachita zimenezo, ine ndilibe nawo mawu. Tiyeni tikaone.”

Kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu kunali msewu wautali wowongoka, wopanda anthu masana a Lamlungu. A Sipanala anazimitsa kudzigwira kwa galimoto kuja, kuti mabuleki okha ndiwo agwire ntchito, n'kukhala kutsogolo. Mwana wamkazi anakhala kumbuyo. A Nthenga anakonza galasi, anakonza mpando, n'kunyamuka bwinobwino.

“Onjezani moto. Eya. Ndikati pondani, mupondetu ngati mwaona njoka. Pondani!”

Galimoto inachepetsa liwiro mokoma, mosagwedeza munthu, n'kukaima patali.

“Imeneyo ndi ya bwana ndi tiyi wake,” anatero a Sipanala. “Ine ndikufuna mutu wanga ukagunde galasi. Tibwereze.”

Anabwereza. A Nthenga anauza phazi lawo zoti lichite. Anakonzeka, anamanga mano. Mawu atamveka, phazi linanyamuka msanga ndithu, koma litangokhudza chopondera linafewa lokha, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono monga linazolowera.

“Achimwene, chitsulo ichi si dzira! Ndachimanga ndine, sichisweka. Pondani ngati mukuponda ine, pa zonse zimene ndinakunenani!”

Anayesanso, ndipo anayesanso. Ulendo wina anakwanitsa theka, galimoto inagwedezeka, koma phazi linabwerera m'mwamba mwamantha lisanamalize, ngati lapalamula. Thukuta linatsika m'khosi mwa malaya. Pagalasi anaona nkhope ya mwana wawo. Sanali wokwiya. Ankayang'ana panja, akuluma mlomo, mmene ankachitira ali wamng'ono akafuna kuti asalire.

A Sipanala anasiya kukuwa. “Tipume kaye,” anatero. “Mwina tsiku lina.”

A Nthenga anadziwa kuti tsiku linalo kulibe. Phazi limeneli analiphunzitsa okha, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zonse za ntchito yawo, ndipo linaphunzira bwino kwambiri moti silinkamveranso mwini wake. Pa mtsetse uja silinachedwe chifukwa cha ukalamba. Linachita zimene ankalitamandira.

Anaimika galimoto pambali pa msewu, mofatsa. Anatuluka, anazungulira, n'kutsegula chitseko chakumbuyo monga ankatsegulira mabwana. Mwana wawo atatuluka, anamugwira dzanja n'kuikamo makiyi.

“Bambo, sindinapemphe.”

“Ndikudziwa, mwanangu. Tinapangana.”

Tsopano amene amapita nawo kuchipatala ndi mkamwini, popita kuntchito, mpaka dalaivala adzapezeke. Amayendetsa monga amayendetsera anthu ambiri: amafika pamaloboti ali ndi liwiro, n'kuponda. A Sipanala akuti mabuleki akusangalala. Chikhakha chinachoka, koma dzanja la mayiwo silinabwerere mwakale. Supuni amaigwira, singano ayi.

A Nthenga amakhala kumbuyo pamodzi ndi akazi awo. M'mawa amatsukabe galimoto, koma mawilo amangowapukuta ndi nsanza youma. Ulendo ukayamba, mayiwo amawerenga zikwangwani mokweza, ndipo nthawi zina amalakwitsa dala kuti aone ngati awakonza. Akafika pa sitolo ya utoto, bambowo amatambasula mkono n'kuwagwira akazi awo pachifuwa, mkamwini asanaponde, chifukwa amaona patali kuti aponda. Pansi pa mpando wakutsogolo, pamene palibe amene amaona, phazi lawo lakumanja limadzuka pang'ono, n'kutera pa kapeti mofewa.